Maluwa a Chilimwe ndi Njinga za ku Chigwa cha Shire

Munthu akamatsika phiri kuchokera ku Blantyre mwezi wa Okutobala, chigwa chimamulonjera asanachione n'komwe. Makutu amatseka, mphepo yolowa pazenera la minibasi imasanduka ngati ya pa uvuni wa njerwa, ndipo pofika pa Thabwa ana ogulitsa madzi ozizira amakhala atazinga kale galimoto. Kutsogolo kuli mlatho wa Kamuzu, pansi pake mtsinje wa Shire, umene eniake amautchula kuti Tchiri, ukuyenda mwaulesi ngati nawonso watopa ndi dzuwa. Pamlatho pomwepo ndi pamene mlendo amayambira kuwerenga njinga mpaka kusokonezeka: ina yasenza matumba awiri a makala, ina yamangirira mbuzi pakaliyala, ina ikupalasidwa ndi mayi amene wabereka mwana kumbuyo ndipo khasu lagona pahandulo.

Alendo ambiri akabwerera kumtunda amakasimba za kutentha ndi fumbi basi. Sanama ayi, chifukwa ku Nchalo ndi ku Ngabu kutentha kumapitirira madigiri 40 miyezi imeneyi, ndipo malo otsika kwambiri m'Malawi muno, a mamita 37 okha kuchokera pa nyanja yamchere, ali kumeneku, pamene Shire amatulukira kulowa ku Mozambique. Koma akadayang'ana m'mwamba akadaona kuti mwezi womwewo, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, mitengo ya kuchigwa imakhala itavala za ukwati.

Mvunguti ndiwo umayamba, cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Maluwa ake ofiira ngati chiwindi amalendewera pa zingwe zazitali, amatseguka madzulo kuitana mileme, ndipo pofika m'mawa amakhala ali mbwee pansi, mbuzi zikulimbirana. Ku nkhalango ya Lengwe, yomwe idapatulidwa mu 1928 n'kukhala malo osungirako nyama aakulu mu 1970, agwape ndi anyani ndiwo amatola. Kenaka pamabwera mpakasa, umene umachita bii ndi timaluwa tofiirira mobiriwira mpaka njuchi kumveka munthu ali patali. Mtondo umatulutsa ngayaye zachikasu zodzadza ndi timadzi totsekemera. Wotsiriza ndi mlambe, mfumu ya chigwa, umene umakhala mbulanda chilimwe chonse n'kudzaphukira mitambo ikayamba kusonkhana cha ku mapiri a Thyolo. Duwa lake ndi loyera, lalikulu ngati chikhato cha munthu wamkulu, limatseguka dzuwa likamalowa ndipo silikhalitsa: tsiku lotsatira limakhala litada kale.

Anthu a ku Blantyre ndi ku Zomba amanyadira jacaranda wa m'misewu yawo, mtengo wobwera kuchokera ku South America. A kuchigwa maluwa awo sawadzala m'mizere, ndipo kawirikawiri sawathyola kukaika m'botolo. Amawawerenga monga mmene ena amawerengera kalendala. Mango akachita maluwa ambiri m'mwezi wa Julaye, akuluakulu amayamba kale kukambirana za chaka chimene chikubwera. Mlambe ukaonetsa masamba, amene sadamalize kusosa munda wa kumphala amadziwa kuti wachedwa.

Mawu awiri, mphala ndi dimba, ndiwo mizati ya mbiri ya chigwa chino. Mphala ndi nthaka ya kumtunda yodalira mvula, kumene amalimako mapira, mchewere, chitowe ndi thonje. Dimba ndi nthaka yakuda ya m'mbali mwa Shire ndi m'madambo, imene imamizidwa dzinja n'kutsala ndi chinyontho madzi akaphwa. Mvula ya kuno ndi yochepa komanso yosadalirika, motero banja lokhala ndi dimba lili ngati munthu wa nkhokwe ziwiri. Elias Mandala, katswiri wa mbiri yakale amene adalemba buku lofotokoza moyo wa chigwachi kuyambira 1859 mpaka 1960, adaonetsa kuti kulemera ndi kusauka kwa Amang'anja ndi Asena kwakhala kukutsatira kukula ndi kuchepa kwa madimba.

Chaka cha 1859 chimatchulidwa chifukwa ndi pamene David Livingstone adakwera mtsinjewu pa sitima yotchedwa Ma Robert, n'kukakakamira pa mathithi a Kapichira. Podutsa dambo lalikulu la pakati pa Chikwawa ndi Chiromo adaona njovu zimene adaziyerekeza kuti zidakwana 800, ndipo dzina loti Elephant Marsh lidachokera pamenepo, ngakhale njovuzo zidatha kalekale. Pa ulendowo padali John Kirk, dokotala wokonda zomera, amene ankatola masamba ndi maluwa, kuwaumitsa pakati pa mapepala n'kuwatumiza ku Kew ku London. Koma duwa limene lidawatenga mtima alendowo lidali la thonje. Adapeza Amang'anja akulima kale mitundu iwiri, thonje kaja la makolo ndi thonje manga lobwera, akupota ulusi ndi kuluka nsalu m'midzi. Livingstone adapita kukalengeza kwawo kuti wapeza dziko la thonje.

Aliyense amene adakulira ku Ngabu kapena ku Bangula amalidziwa duwa limeneli. Limatseguka m'mawa lili loyera mwachikasu ngati mkaka wogona, mawa lake lasanduka lofiira, mkuja lagwa, n'kusiya kabulunga kobiriwira kamene kamadzaphulika pakatha miyezi pafupifupi iwiri. Munda umodzi umakhala ndi mitundu iwiri ya maluwa tsiku limodzi, adzulo ndi alero. Mlimi akamayenda m'mizere amakhala akusangalala ndi maso kwinaku akusanthula pansi pa masamba, chifukwa mbozi imene imaboola kabulunga imayambira pomwepo.

Zaka zimene thonje lidalemeretsa chigwa zidabwera chifukwa cha chilala cha mtsinje. Pofika cha mu 1915, madzi a m'nyanja ya Malawi adali atatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zidatseka Shire kumtunda, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 madzi a m'nyanja sankatsikanso bwino kuchigwa. Sitima za pamadzi, zimene kale zinkafika mpaka kwa Katunga, zidali zitayamba kale kuthera ku Chiromo, kenaka ku Port Herald, yemwe lero ndi Nsanje. Njanji, yomwe idafika ku Blantyre mu 1908 ndi ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915, ndiyo idatenga malo. Madambo adauma, nthaka yachonde idatseguka, ndipo anthu adalowamo ndi makasu. Asena ambiri othawa ntchito yokakamiza ya Apwitikizi adawoloka malire kudzalima nawo. Bungwe la British Cotton Growing Association linkagula thonjelo n'kumalichotsa njere m'makina ake, mabelo n'kumakwera sitima ya pamtunda. M'zaka za m'ma 1920, thonje lambiri la Nyasaland linkachokera kuchigwa kuno.

Ndalama ya thonje ndi imene idayamba kuika njinga pakhomo la munthu wamba. Poyamba njinga idali ya bwanamkubwa, m'busa wa mishoni, mphunzitsi woyendera sukulu za m'midzi ndi mesenjala wa boma. Pang'onopang'ono idayamba kuoneka m'masitolo a amwenye, itapachikidwa kudenga pafupi ndi mabulangete ndi mapoto. Ena ankabwera nayo kuchokera ku Halale ndi ku Joni. Achikulire amakumbukirabe mtchona akutsika sitima pa siteshoni ya Bangula kapena ya Tengani, sutikesi kumanja, Humber kapena Raleigh yonyezimira kumanzere, ana akuthamangira kukagwira belu. Njinga yotero sinkagona panja. Inkalowa m'nyumba, inkapukutidwa ndi kansalu kake, ndipo kuibwereka kunkafuna mkhalapakati ngati nkhani ya chikwati. Njira ya ku Joni idatsekeka kwa kanthawi mu 1974, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu ntchito za m'migodi. Komabe pofika nthawi imeneyo njinga idali itazika kale mizu.

Mtsinje udabweza ngongole yake m'zaka za m'ma 1930. Nyanja idadzadza, mchenga wotseka uja udakokoloka, ndipo pofika 1939 madimba ambiri a thonje adali pansi pa madzi. Pamene padali mizere ya maluwa oyera ndi ofiira padamera bango, gumbwa ndi kakombo. Anthu adakankhidwira kumphala, ena kunka kukafuna ntchito kunja. Boma la atsamunda litabwera ndi malamulo a malimidwe m'zaka za m'ma 1950, kukakamiza anthu kuunga mizere pa nthaka imene iwo ankailima chathyathyathya, chigwa chidakana. Ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona, kudamveka mawu oti mizere ikuthawitsa mvula, ndipo mkanganowo udalimbitsa chipani cha Nyasaland African Congress m'midzi yambiri ya kumunsi.

Kakombo amene adalanda malo a thonje uja ali ndi mbiri yakeyake. M'mawa dzuwa likamatuluka pa dambo la Elephant kapena la Ndindi, maluwa ake oyera ndi obiriwira ngati thambo amatseguka pamwamba pa madzi, timbalame ta zala zazitali tikuyenda pamasamba ngati pa mphasa. Alendo obwera ndi makamera amalipira bwato kuti akaone zimenezi, makamaka chiyambire 2017 pamene dambo la Elephant lidalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Koma mwana wa ku Nsanje akaona duwalo amaganiza za chimene chili pansi pake. Kumeneko, m'matope, kuli nyika.

Nyika ndi kachinangwa kakuda, kolimba khungu, kamene kapulumutsa chigwa chino pa njala zosawerengeka, ya 1949, ya 1992, ya 2002 ndi zina zapakati. Kuikumba ndi ntchito yoika moyo pa chiswe. Amayi amapita m'magulu, amatsika m'bwato, madzi n'kufika m'chiuno kapena m'khosi, n'kumafufuza ndi zala za kumapazi mpaka atakhudza kabulunga. Akatero amamira, kukazula, n'kuponya m'bwato. Mmodzi amakhala akuyang'ana uku ndi uku, poti madzi omwewo ndi a ng'ona ndi mvuu. Kunyumba amaiphika nthawi yaitali kuti kuwawa kuchepe, kenaka kusenda n'kudya choncho, kapena kuyanika n'kusinja ufa. Atolankhani akafuna kuonetsa kuti njala yafika posauzana ku Nsanje, amajambula mbale ya nyika. Eniake amadziwa kuti ngakhale chaka chabwino nyika imapezeka pamsika, itaunjikidwa timilu, ndipo imafika pamsikapo ili m'thumba la pakaliyala.

Duwa lina la pamadzi ndi mlendo wosaitanidwa. Namasupuni, wa maluwa okongola ofiirira okhala ndi kadiso kachikasu, kwawo ndi ku South America, ndipo adalowa mu Shire kuchokera ku Zambezi cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Amaswana mofulumira moti amatha kutseka njira ya bwato pa masabata ochepa, kukola maukonde ndi kubisa ng'ona. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri adabweretsa tianankafumbwe todya chomeracho kuti tichichepetse mphamvu. Asodzi a mlamba ndi makakana samutamanda namasupuni ngakhale atavala bwanji.

Nthawi yomwe namasupuni ankalowa, chigwa chinkasinthanso nkhope kumtunda. Kampani ya Lonrho idatsegula minda ya nzimbe ya SUCOMA ku Nchalo, ndipo shuga woyamba adatuluka mu 1966. Illovo idatenga mindayo mu 1997. Mu 1968 ku Ngabu kudayamba chitukuko chachikulu cha ulimi chothandizidwa ndi World Bank, chimene chidabweretsa mipope yoberekera kumsana yopopera mankhwala m'thonje, pamodzi ndi alangizi oyenda pa njinga mudzi ndi mudzi. ADMARC itakhazikitsidwa mu 1971, tsiku la msika wa thonje lidakhala ngati chikondwerero, ndipo wogulitsa njinga ankadziwa kuti sabata imeneyo sagona ndi njala. Mpaka lero, wodzuka m'bandakucha ku Nchalo amaona mtsinje wina woyenda pamsewu: mazana a antchito a m'minda ya nzimbe ali pa njinga, zikwanje zokulungidwa m'masaka, mabotolo a thobwa akulendewera. Mu Meyi ndi Juni nzimbe zina zimatulutsa ngayaye zotuwa zonyezimira, ndipo dzuwa la m'mawa likaziwomba munda wonse umaoneka ngati wagwa nkhungu.

Chigwa ndi njinga zidagwirizana pa zifukwa zosavuta kumva. Choyamba, dziko lake ndi lathyathyathya: kuchoka pa Dyeratu kudutsa Bereu, Nchalo, Ngabu, Sorgin ndi Bangula mpaka ku Nsanje ndi ku Marka, munthu sakumana ndi chitunda chomutsitsa pachishalo. Chachiwiri ndi madzi osefukira, amene adaphunzitsa anthu kumanga nyumba kumtunda n'kusiya munda kumtsinje. Pakati pa khomo ndi dimba pamatha kukhala ulendo wa maola awiri wapansi. Wa njinga amanyamuka nkhuku zikulira, amalima kusanatenthe, n'kubwerera dzuwa lisanafike paliwombo.

Amayi a kuno adaphunzira kupalasa kale, ngakhale m'masiku amene lamulo la kavalidwe la 1973 linkawaletsa kuvala buluku. Ankamanga chitenje molimba, kukwera njinga yachimuna ya mtanda pakati, n'kumapita. Lamulolo lidachotsedwa mu 1993, koma chitenje pa njinga chidakalipo.

Dimba la mu Ogasiti ndi Seputembala ndilo munda wa maluwa weniweni wa kuchigwa. Kumtunda konse kuli kotuwa, koma ukangotsetsereka kugombe umalowa m'dziko lobiriwira. Chimanga chamasula ngayaye, mbatata yayala timaluwa tofiirira tokhala ngati malipenga, therere latsegula maluwa achikasu a mtima wakuda, nyemba ndi khobwe zikuyanga pa mapesi. Pansi ponse payala maungu. Mayi amaimika njinga pamthunzi wa nthochi, n'kuwerama pakati pa masamba akuthyola chiluwe. Sathyola chisawawa. Amayang'ana kaye kuseri kwa duwa: likakhala ndi kamimba kobulungira amalisiya, poti limenelo ndi dzungu la mawa. Amatenga lokhala pa kaphesi kowonda, ndipo ngakhale amenewo amasiyako angapo kuti njuchi zipeze mungu wopititsa kwa anzawo. Akadzadza kambale amakaphatikiza ndi nkhwani wanthete, tomato ndi nsinjiro, ndiwo ya masana yapsa. Madzulo mwamuna amatsala m'kasakasa kudikira mvuu, chitini ndi nyali zili pafupi, chifukwa mvuu imodzi imatha kumaliza usiku umodzi zimene banja lalima mwezi wathunthu.

Pakhomo maluwa okongoletsa amavuta kusunga. Mbuzi ndi ng'ombe, zimene chigwa chimatchuka nazo, zimayenda momasuka chilimwe, ndipo madzi a m'mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi amchere. Komabe pali amayi amene sagonja. Amadzala m'zitini zakale ndi m'mabeseni obooka, kutchinga ndi minga, n'kumathirira ndi madzi otsukira mbale. Mbewu amapatsana ku mvano kapena ku limana, kanthambi kokulungidwa m'pepala lonyowa kakuyenda mtunda wautali m'thumba la pahandulo. Bougainvillea wa pa mishoni, pa sukulu ndi pa nyumba za kampani ku Nchalo wafalikira m'midzi mwa njira imeneyi, ndipo ndi yemweyo amene amaluka nkhata pa maliro ndi kukongoletsa guwa Lamulungu. Mpanda wa makomo ambiri ndi sangowa, amene kwina amati chammwamba, mtengo wosaopa chilala wa timaluwa toyera tonunkhira, umene masamba ake ndi ndiwo.

Nkhondo ya ku Mozambique idasiyanso chizindikiro pa mitengo ndi pa njinga. Kuyambira 1986 anthu adakhamukira kuno mwaunyinji, kumisasa monga Mankhokwe, Nyamithuthu ndi Kunyinda, mpaka boma la Nsanje lidafika pokhala ndi othawa nkhondo ambiri kuposa eni nthaka. Nkhuni ndi milimo ya nyumba zidadya nkhalango zambiri. Mitengo ya nimu imene lero imapereka mthunzi m'misika ndi m'masukulu idafala kwambiri pa ntchito zobwezeretsa mitengo, ndipo timaluwa take toyera timanunkhira usiku wa chilimwe anthu akagona panja pothawa kutentha. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, ambiri adabwerera kwawo, koma ubale ndi malonda zidatsala. Njira zodutsa malire zidadzadza njinga zonyamula chimanga, nsomba zouma ndi mchere. Ngakhale dzina limene ambiri kuno amatchulira njinga yonyamula anthu, shapa, likumveka kuti ndi mphwake wa chapa, minibasi ya ku Mozambique. Kwina amati kabaza.

Mnyamata wa shapa amaikongoletsa njinga yake ngati mkwatibwi: khushoni yofewa pakaliyala, zogwirira za wokwera, popondera mapazi, magalasi awiri, nthawi zina ndi maluwa apulasitiki pahandulo. Pa Dyeratu kapena pa Ngabu minibasi ikangoima amathamangira chitseko. "Tiyeni mayi, ndikakutuleni pakhomo penipeni!" Agogo akatsika amapereka ndalama ndi manja awiri n'kunena "takhuta", monga amathokozera Asena. Njinga yomweyo imasanduka ambulansi usiku, ikamangiriridwa kangolo ka matiresi kumbuyo, ndipo ndi imene alangizi a zaumoyo amayendera popita ku sikelo ya kumudzi.

Mdani wamkulu wa onsewa ndi munga wa mthethe. N'chifukwa chake palibe msika wopanda wokonza njinga, ndipo ofesi yake nthawi zonse imakhala pansi pa mtengo. Zida zake ndi zochepa: masipanala awiri kapena atatu, pampu, beseni la madzi akuda, guluu ndi chubu chakale chodulamo zigamba. Amagadabuza njinga miyendo m'mwamba, kutulutsa chubu, kuchipopa, n'kumachimiza m'beseni chigawo ndi chigawo mpaka timathovu titaulula pamene pabooka. Amapala pamalopo ndi kachitsulo kokhakhala, kupaka guluu ndi chala, kuuzira kuti aume pang'ono, kumata chigamba n'kuchimenya ndi sipanala. Asanabwezere chubu amayendetsa zala m'kati mwa tayala kufunafuna munga womwe wachita zimenezi, chifukwa akauiwala kasitomala abweranso asanafike patali, ndipo ulendo uno abwera ndi mawu. Pali machubu ena amene zigamba zidachuluka kuposa chubu chenicheni. Ma Humber ndi ma Raleigh adapita, m'malo mwake mudalowa Phoenix wa ku China, Hero ndi Avon wa ku India, ndipo posachedwapa Buffalo yolimba mafupa, koma beseni la pansi pa mtengo silidasinthe.

Pamene misewu ndi milatho yagonja, njinga yakhala ikupitabe. Mu 1997 madzi adadula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo, ndipo sitima idaleka kufika ku Nsanje kuchokera ku Limbe. Chiyambire pamenepo, wopita ku Makhanga, ku Muona kapena ku Fatima amakweza njinga yake m'bwato, kulipira mutu wake ndi wa njinga, n'kukapitiriza kupalasa kutsidya. Doko limene Bingu wa Mutharika adatsegula ku Nsanje mu Okutobala 2010 lidakhala duu kudikira sitima zapamadzi, kwinaku njinga zikudutsa pambali pake tsiku ndi tsiku ndi madengu a mbatata. Madzi a mu Januwale 2015 adasandutsa Makhanga chilumba. Kenaka padabwera anamondwe: Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 n'kugumula damu la magetsi ku Kapichira, Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi, pa zinthu zoyamba zimene bambo ankakweza padenga kapena kupachika mu mtengo, njinga inkakhalapo. Ndipo madzi akaphwa, matope amene adagwetsa nyumba ndi omwewo amene ankabereka mbatata zazikulu ngati mutu wa mwana, kumene mchenga sudakwirire nthaka.

Lero pali zatsopano ziwiri zimene anthu akuziyang'anitsitsa. China ndi njinga zamoto, ma Lifo ndi anzake, zimene zalanda makasitomala a maulendo ataliatali, kusiyira wa shapa amayi a kumsika ndi ana asukulu. China ndi ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, imene ntchito yake idayamba mu 2020. Imayambira pa Kapichira, ndipo cholinga chake n'kuthirira mahekitala oposa 40,000 mpaka kufika ku Bangula. Alimi a m'makopaletivi a Kasinthula ndi Phata adalawa kale ulimi wothirira nzimbe, ndipo a ku Muona ndi ku Nkhate akhala akulima mpunga wa m'sikimu kwa zaka zambiri. Madzi akadzafika kumphala monga mwa lonjezo, ulendo wa m'bandakucha wopita kudimba udzafupika kwa mabanja ena, ndipo nthaka imene imakhala yotuwa mu Seputembala idzayamba kuonetsa ngayaye za chimanga.

Wofuna kuona maluwa a kuchigwa asadikire kuti amupezere munda wa mpanda ndi chikwangwani. Abwere kumapeto kwa Okutobala, agone pa Nchalo kapena pa Ngabu, abwereke njinga ndipo anyamuke isanakwane 5 koloko, botolo la madzi lili pakaliyala. Akapeza mlambe m'mbali mwa njira aime, ayang'ane pansi: maluwa a usiku wathawu amakhala akadali oyera, mbuzi zisanafike. Malambe ake adzakhwima cha mu Meyi, ndipo adzakwera phiri kupita ku Blantyre m'matumba amene adzafike pamsewu waukulu ali pa njinga.